Mwana akakomoka, musadikire kuti kuche

Makolo ndi olera ana nonse, mvula ikayamba malungo amachuluka. M'zipatala tikulandira ana okomoka, ndipo chikutiwawa n'chakuti akufika mochedwa. Tikafunsa kuti zayamba liti, yankho limakhala lomwelija: "Usiku, koma atasiya kunjenjemera anagona, ndiye tinati tione kaye kukacha." Tulo timeneto ndi tomwe tikutidetsa nkhawa.

Zoyambitsa n'zambiri: malungo aakulu ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga m'magazi mwa mwana amene sakudya, kuvulala m'mutu, kumwa mankhwala a akuluakulu kapena ophera tizilombo, ndiponso khunyu. Ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amathanso kukomoka chifukwa cha kutentha thupi kokha, ndipo kukomoka kotere nthawi zambiri kumatha kokha. Koma kunyumba simungasiyanitse. Ngakhale ife timayamba tayeza magazi.

Mwana akamakomoka amauma thupi kapena kunjenjemera manja ndi miyendo, maso amatembenuzika, thovu limatuluka, mwina amadzikodzera. Khanda silichita kuonetsa chonchi. Limangophethiraphethira, kutafuna milomo, kapena kupalasa timiyendo, ndipo limakana bere. Zimenezonso n'kukomoka.

Zikayamba, m'gonekeni chammbali pamalo opanda moto kapena madzi, m'masuleni zovala zothina, ndipo onani nthawi pafoni. Musamukanikize kuti asiye kunjenjemera. Musamuike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa. Lilime silimezedwa ayi, koma mano amathyoka. Musamumwetse kanthu, kaya madzi, phala, Panado, LA kapena mankhwala azitsamba, chifukwa mwana wokomoka sameza bwino ndipo zimenezo zimalowa m'mapapo. Musamufukize utsi, musamuyandikize mapazi kumoto. Thovu lake silipatsira khunyu, m'gwireni mopanda mantha. Kunjenjemera kukapitirira mphindi 5 kapena kukabwerezanso, ngozi yakula kwambiri. Koma ngakhale kutasiya msanga, nyamukani basi.

Tibwerere ku tulo tija. N'zoona kuti mwana amafooka ndi kuwodzera akakomoka. Koma mwana wogona amadzuka mukamuitana. Muitaneni ndi dzina lake, m'gwedezeni paphewa, m'tsineni pang'ono. Kodi watsekula maso n'kukuyang'anani? Walira ngati mmene amalirira masiku onse? Wachotsa dzanja pomwe mwatsina? Ngati akungobuula, maso ali gwa osatsata nkhope ya mayi ake, thupi lili lende, ameneyo sakugona tulo ayi, ubongo wake uli pamavuto. Zinthu zitatu zomwezi, maso, kulira ndi kusuntha, ndi zomwe timayang'ana kuchipatala pogwiritsa ntchito muyeso wa Blantyre Coma Scale, umene unapangidwa konkuno ku Malawi poyeza ana odwala malungo a mu ubongo. Malungo amenewa atha kupha mwana m'maola ochepa, ndipo ena opulumuka amatsala osalankhula, osayenda kapena ndi khunyu.

Tikudziwa kuti usiku mayendedwe amavuta, kabaza amadula, ndipo mwina abambo ali kutali. Tikudziwanso kuti agogo akaona maso atembenuzika amaganiza za mizimu kapena kulodzedwa, ndipo amatero chifukwa chomukonda mdzukulu wawo. Koma chonde agogo, maola amene athere kwa asing'anga ndi omwewo amene shuga akutsika ndi tizilombo tikuchulukana. Abambo, lolezanitu lero kuti mwana akakomoka mayi azinyamuka osadikira mawu anu, ndipo sungani kangachepe ka ulendo.

Ngati chipatala chili kutali, dzutsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Kumakiliniki ena a m'midzi kuli mankhwala a artesunate oika kotulukira chimbudzi, othandiza mwana pa ulendo. Si mankhwala omaliza. Akamuika, pitirirani kuchipatala usiku womwewo. Panjira m'nyamuleni chammbali nkhope ikuoneka, osati kumbuyo atafunditsidwa chitenje mutu wonse.

Mukafika musaime pamzere. Pitani kwa namwino aliyense munene kuti mwana wakomoka kapena sakudzuka. Ogwira ntchito anaphunzitsidwa kuyamba ndi ana otere: kuona kapumidwe, kuyeza shuga ndi malungo pachala, ndi kupereka mankhwala oletsa kukomoka. Tiuzeni nthawi imene zinayamba, kangati, ndi chilichonse chimene wamwa, ngakhale chazitsamba. Sitikukalipirani, tikufuna tidziwe choti tim'patse. Buku lake la kusikelo mulitenge ngati lili pafupi, koma musachedwe n'kulifunafuna.