Nsima yoyera si ndiye mwini mphamvu

Pa chigayo china ku Chibavi ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Mgaiwa n'ngwa ana a sukulu yogonera, amwali. Bambo a kunyumba amapalasa kabaza mpaka ku Luwinga, amafuna nsima yoyera yopatsa mphamvu." Maganizo amenewa ndi akale, koma ndi olakwika.

Kuti nsima isanduke mphamvu m'thupi pamafunika vitamini B1, wotchedwa thiamin. Popanda iyeyu, shuga wochokera mu chimanga sagwira bwino ntchito, ndipo minyewa ndi mtima ndizo zimayamba kuvutika: miyendo kuchita dzanzi, kutupa, kupuma mobanika. Matendawa ndi beriberi.

Tsono vitamini ameneyu amakhala kwambiri m'khungu ndi mu mtima wa njere ya chimanga. Tikakonola, amapita ndi madeya, omwe timakathira nkhuku. Tikaviika mphale, wotsalayo amasungunukira m'madzi a matsukwa amene timataya kuseri kwa nyumba.

Munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamiligalamu 1.2 patsiku, ndipo thupi silisunga wambiri. Pakatha milungu iwiri kapena itatu osadya zakudya zomwe zili naye, amakhala atatha m'thupi. Nyemba, mtedza ndi nyama ya nkhumba zili naye. Koma soda wothira m'nyemba kuti zipse msanga amamuwononga, ndipo kachasu amatsekereza matumbo kuti asamuyamwe.