Sayansi ya ana ili pamoto pophikira, koma parafini musamuyandikize

Pamsonkhano uliwonse wa makolo sipalephera wina kuimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, sukulu ilibe labotale, ndiye anawa aphunzira bwanji sayansi?" Ndaphunzitsa ana a Giredi 1 mpaka 4 kuno ku Chipata zaka zoposa 15, ndipo funsoli landikola. Amai amene mumaphika delele ndi chidulo, labotale muli nayo kale, kungoti mwana mumamuthamangitsa pamoto m'malo momuitana.

Tengani timakoko tofiira ta lumanda, muviike m'madzi otentha, inu akulu osati mwana. Madziwo akazizira muwagawe m'makapu atatu oonekera mkati. M'kapu yoyamba mwana afinyiremo ndimu: kufiira kuja kumawala. M'yachiwiri muthiremo soda kapena chidulo pang'ono: madzi amada n'kuyamba kubiriwira, ndipo ndi soda amachita kathovu chifukwa lumanda ndi wowawasa kale. Yachitatu musaikhudze. Imeneyi ndiyo makolo amaiwala, pomwe popanda iyo mwana alibe poyerekezera, wangoona matsenga. Ndipo musanathire kanthu mufunseni kuti, "Ukuganiza kuti pachitika chiyani?" Akaphonya musamudzudzule, ndiponso musamuuze yankho. Ine ndimakondwa kwambiri ndi mwana wophonya n'kukwiya n'kufuna kubwereza kuposa wongoombera m'manja.

Zina ndi zapafupi. Dzira limamira m'madzi wamba koma limayandama mukasungunulamo mchere wambiri. Nshawa yokutidwa m'kansalu konyowa imayamba kutulutsa muzu, masamba pambuyo. Chipeso cha pulasitiki chotikitidwa pa tsitsi louma chimanyamula timapepala mu Ogasiti, koma mu Januwale chimakana chifukwa cha chinyezi, ndiye musaganize kuti mwana walakwitsa.

Koma pali nkhani imene mpaka lero imandisowetsa tulo. Chaka china ndinauza kalasi kuti kunyumba akathire mafuta m'madzi aone amene akhale pamwamba. Sindinanene kuti mafuta ake ati. Amai ena, poona kuti saladi, mafuta ophikira aja, wadula, anamupatsa mwana wawo parafini, nathira m'botolo la Fanta. Zinayenda bwino, parafini anayandama, botolo analisiya pansi pa tebulo. Mng'ono wake wa zaka ziwiri analipeza n'kumwa.

Kumwako kunali koipa, koma zimene zinatsatira ndizo zinaononga. Ambuya ake anamupisa chala kukhosi kuti asanze. Kenako anamumwetsa mkaka. Oyandikana nawo anabwera ndi mizu yoti "itsuke m'mimba". Mwana atagona onse anati wapola, nadikira kucha. M'mawa anali akupuma mothamanga, thupi lili moto. Anagonekedwa m'chipatala kupitirira mlungu. Anachira, koma ine sindinaiwale kuti chiyambi chake chinali mawu anga osamaliza.

Mvetserani bwino apa. Vuto la parafini si m'mimba kwenikweni, ndi m'mapapo. Ndi wopepuka, woterera, ndipo mwana akamasanza timadontho timalowa njira ya mpweya n'kutupitsa mapapo. Kusanzitsa ndiko kumupatsa parafiniyo mpata wachiwiri woti alowe m'mapapo. Mkaka suchotsa poizoni, mizu nayonso, zimangoonjeza mseru. Ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa maola angapo, choncho mwana wooneka bwino madzulo si mwana wochira. Muvuleni zovala zonunkha parafini, mumunyamule ali chokhala, mupite kukiliniki nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku, botolo lija mulitenge. Musayambe mwadzera kwa sing'anga, musadikire atate ake abwere ndi njinga.

Masiku ano ngozi zambiri zikuchokera pa foni. Munthu waona kavidiyo pa Facebook kapena TikTok, zinthu zikuphulika mokongola, iye n'kufuna kuonetsa ana. Jik musamusakanize ndi viniga, ndimu kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi: pamatuluka mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi mapapo, makamaka m'kanyumba kotseka mawindo. Soda ndi viniga mungasakanize, koma botolo musalitseke ndi chivindikiro. Vekani baluni pakamwa pake, ifufume mwana akuona. Timabatire tozungulira ta muwotchi ndi m'zidole tisapezeke n'komwe pamphasa pamene pali wokwawa. Kakamezedwa n'kukakamira pammero kamatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha, ndipo nako n'kothamangira kuchipatala, osati kodikira kuti katuluka ndi chimbudzi.

Kuyambira chaka chimenecho ndikamatuma ana zoyesa kunyumba ndimalemba m'kope lawo ndi dzanja langa: saladi supuni imodzi, m'kapu osati m'botolo la chakumwa, wamkulu akhalepo, mukatha tayani. Kholo limasaina m'munsi mwake.