Mwakwezedwa kukhala mkulu wa za makompyuta pa koleji? Mafunso asanu pa lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu

Chitsegulireni yunivesite ya MUST ku Ndata mu 2014, ntchito ya makompyuta kuno ku Thyolo sikhalanso yachilendo. Chachilendo n'chakuti munthu wozolowera kukwera makwerero ndi mawaya m'manja tsiku lina amauzidwa kuti ndiye bwana wa ofesi. Nawa mafunso amene anzanga otere amandifunsa.

Lamulo lake ndi liti, nanga likundikhudza pati?

Ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo amaliyang'anira ndi a MACRA, bungwe loona za mafoni, intaneti ndi mawailesi m'dziko muno. Sukulu imasunga mayina a ophunzira, manambala a ziphaso za unzika, malikisi ndi ngongole za fizi. Lamulo likuti zinthu zotere zitengedwe pa chifukwa chodziwika, zisapatutsidwire ku ntchito ina, ndipo zisungidwe motetezeka. Zonsezi zili mu seva, kompyuta yaikulu yosunga mbiri za pa sukulu, ndipo kiyi wa seva ali m'thumba mwanu.

Mapasiwedi onse ndimasunga ndekha m'mutu. Si kuteteza komweko?

Inenso ndinkatero, ndipo ndinkadzitama nazo. Tsiku lina ndili pamaliro a malume cha ku Chitakale, seva ya pa koleji imene ndinkagwirapo idaima, ana ali pamzere wolembetsa. Ndidazemba pasiwa n'kukaima m'nthochi kuseri kwa nyumba, netiweki ikudukaduka, kumatchulira mnyamata wa ku ofesi pasiwedi chilembo chimodzichimodzi, amayi a Mvano akuimba. Sadamve bwino, choncho adaika foni pa sipika. Pofika madzulo anthu anayi ankaidziwa pasiwedi ija.

Aliyense wa mu ofesi akhale ndi akaunti yakeyake, yofika pokhapo pamene ntchito yake ikufuna. Mukatero, wina akasintha malikisi zimadziwika kuti ndani. Pasiwedi yaikulu muilembe, muimate mu envulopu, ikakhale mu sefa ya akuluakulu a sukulu. Ikatsegulidwa, muisinthe tsiku lomwelo.

Koma ndikagwira ndekha ntchito imathamanga.

N'zoona, lero. Apa ndiye pamene ambiri timagwera. Pulintala ya bwana wamkulu ikadya pepala, amaimba pa nambala yanu, inu mwendo uli kale pakhomo. Khalani pansi. Tumani wachinyamata, ngakhale atenge ola pa ntchito ya mphindi khumi, ndipo akabwerako mumufunse zimene wapeza, osamulanda sikuludilaiva. Ntchito yanu tsopano ndi bajeti ya mabatire ndi dizilo wa jenereta, kuonetsetsa kuti kope la zonse za mu seva likusungidwa kwina, ndi kukakhala pamisonkhano yotopetsa imene amagawirapo ndalama. Mukaijomba chifukwa cha pulintala, musadzadandaule pogula zida.

Mphunzitsi wamkulu akufuna mndandanda wa ophunzira pa WhatsApp. Ndimukana bwanji munthu woti adandiphunzitsa?

Osamukana pamaso pa anthu. Ine ndimati: "Bwana, ndikonza lero lomwe, koma mungondilembera kakalata kuti ofesi yanu ikufuna ziti, ndingakulowetseni m'mavuto." Ambiri akamalemba amazindikira okha kuti amangofuna mayina, osati manambala a foni ndi ngongole za ana. Muwatumizire pa imelo ya sukulu. Za fulashi yoyenda m'matumba a jekete zithe.

Laputopu yabedwa mu minibasi ya ku Limbe, muli mbiri za ophunzira. Nditani?

Sukulu iyenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72 chidziwireni. Uzani akuluakulu nthawi yomweyo, tsekani maakaunti amene anali pa laputopuyo, ndipo lembani zimene zinalimo. Koma kuti mumve msanga zimatengera mmene mumalankhulira ndi ana anu a mu ofesi. Ngati mumawakalipira pagulu akalakwitsa, yobedwa Lachisanu mudzaimva Lachitatu, nayonso kuchokera kwa mlonda wa pageti.