Kuluka diso pa chingwe: poyambira ndi zida zofunika

Chingwe chikaduka chikukoka katundu, kawirikawiri chimadukira pa mfundo. Mfundo imapinda chingwe mwamphamvu pamalo amodzi, ndiye ulusi wa kunja kwa pokhotapo umasenza katundu yense pomwe wa m'kati ukungofinyika. Mfundo zina zimadya pafupifupi theka la mphamvu ya chingwe. Kulumikiza moluka, kumene amalinyero ndi okweza katundu amati splicing, kumasunga mphamvu yokwana 90 peresenti kapena kuposerapo ngati walukayo sanathamange, chifukwa nkhosi za chingwe zimalowana zokhazokha ndipo zikamakokedwa m'pamene zimagwirana kwambiri.

Apa tikamba za kuluka diso, bowo lozungulira limene limapangidwa popinda nsonga ya chingwe n'kuilukira m'chingwe momwemo. Woyamba kumene ndimamuuza kuti asiye kaye zingwe zoluka zokhala ndi chikuto kunja ndi mtima m'kati. Zimenezo zimafuna zida zake ndi miyeso yochokera kwa amene anazipanga. Yambani ndi chingwe chopota cha nkhosi zitatu, chonenepa mamilimita 12 kapena kuposerapo pang'ono, kuti maso aziona pamene nkhosi iliyonse yalowa. Chikhale chatsopano kapena chofewa, pakuti chakale chouma ndi dzuwa chimangopweteka zala n'kukugwetsani ulesi.

Zida si zambiri. Chachikulu ndi fid, kachisonga kosalala kathabwa, kapulasitiki kapena kachitsulo, kotsegulira mpata pakati pa nkhosi. Pali ina yokhala ndi ngalande m'kati, yotchedwa Swedish fid, imene mumaisiya mumpatamo n'kudutsitsa nkhosi m'ngalandemo. Pa chingwe cholimba imeneyi imathandiza zedi. Marlinspike yachitsulo ndi ya zingwe zawaya makamaka, musathamangire kugula. Musagwiritse msomali kapena sikuludiraiva yakuthwa m'mbali, chifukwa imadula ulusi m'kati momwe simukuona. Kupatula apo mufunika mpeni wakuthwa, tepi yomatira, ulusi wolimba womangira nsonga, cholembera ndi moto pang'ono. Motowo ndi wa zingwe za nayiloni, poliyesitala ndi polypropylene, zimene nsonga zake zimasungunuka n'kumatana. Za khonje ndi manila sizisungunuka, zimangopsa, choncho nsonga zake muzimange ndi ulusi.

Malukidwe alipo angapo: lolumikiza zingwe ziwiri mwachidule, limene limanenepetsa polumikizapo moti sipadutsa pagudumu lokwezera katundu, lalitali losanenepetsa, ndi lobwezera nsonga m'mbuyo kuti isayoyoke. Koma loyambira ndi diso, chifukwa mukalidziwa enawo mwawadziwa kale theka.

Kuchokera kunsonga, yezani utali wokwana kunenepa kwa chingwecho ka 20, ndipo kulungani tepi pamenepo kuti chisapombosoke kupitirira. Pombosolani nkhosi zitatuzo mpaka pa tepi, nsonga ya iliyonse muikulungenso tepi. Pindani chingwe kupanga diso la kukula kumene mukufuna, n'kugoneka nkhosi zitatuzo pamwamba pa thunthu la chingwe, kutanthauza mbali yosapombosola ija: ina kumanzere, ina pakati, ina kumanja.

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Zingwe zambiri zimapotedwa cha kumanja, ndiye musomeka kuchokera kumanja kupita kumanzere, mopingasa ndi mapotedwe ake. Yambani ndi nkhosi yapakati: tsegulani mpata ndi fid, ilowe pansi pa nkhosi imodzi ya thunthu. Ya kumanzere idumphe pamwamba pa nkhosi imene mwangoitukulayo, ilowe pansi pa yotsatira. Kenako tembenuzani chingwe. Kumbuyoko mupeza nkhosi imodzi ya thunthu imene sinalandire mnzake, ndipo yachitatu ilowe pansi pa imeneyo, nayonso kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ambiri amasokonezekera pa yachitatuyi, amailowetsa chobwerera kapena pampata pamene palowa kale ina. Musanapitirire, imikani chingwe n'kuchiyang'ana bwinobwino: nkhosi zitatuzo zituluke pa mipata itatu yosiyana, pamlingo umodzi, ngati mafuwa. Ziwiri zikatulukira pamodzi, masulani muyambirenso, palibe njira yokonzera kutsogolo.

Zikakhala bwino, kokani iliyonse pang'onopang'ono mpaka khosi la diso litathina, osasiya ina yolendewera. Kuchokera apo ndi kudumpha imodzi, kulowa pansi pa yotsatira, nkhosi zonse zitatu, kenako kubwerezanso. Pokoka nkhosi muziipotako pang'ono motsata mapotedwe ake kuti isasanduke manyenje. Pa khonje ndi manila kuzungulira katatu n'kokwanira, koma zingwe za nayiloni ndi zinzake zimaterera, choncho musachepetse pa kasanu.

Mukamaliza, gonekani polukapo pansi n'kupakunkhuniza ndi phazi kuti nkhosi zikhazikike. Podula zotsala musadule mpaka pathunthu. Siyani kansonga kakang'ono, chifukwa chingwe chikakoka katundu koyamba nkhosizo zimalowa m'kati pang'ono. Ngati disolo lizikhudzana ndi ngowe kapena unyolo, ikani m'kati mwake kachitsulo kotetezera kotchedwa thimble musanayambe kusomeka, apo ayi chitsulo chidzadya chingwe.

Maso anu oyambirira muwayese ndi katundu wosaopsa, ali pafupi ndi pansi. Chingwe chonyamula munthu, kapena chokweza katundu pamwamba pa anthu, chilukidwe ndi kuyesedwa ndi amene anaphunzitsidwa ntchito imeneyi.