Za buluku la azimayi ndi chitenje cha m'chikwama, zinayambira kuti?

Atsikana a masiku ano akamadutsa mu Limbe kapena pa Area 47 atavala jinzi yothina, legini, kaya kabudula wa jinzi uja wong'ambika dala pantchafu, ambiri sadziwa kuti amayi awo akanamangidwa nazo zimenezi. Osati kungokalipiridwa ndi achemwali a kutchalitchi ayi, kumangidwa kwenikweni, chifukwa linali lamulo la boma. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa Decency in Dress Act, ndipo mzimayi sankaloledwa kuvala buluku pagulu kapena siketi yoonetsa mawondo. Azibambo nawo sanasiyidwe, tsitsi lalitali linali loletsedwa, moti azungu ena ongobwera kudzaona nyanja ankametedwa pa eyapoti pomwepo asanalowe n'komwe mtauni, azimayi awo n'kuuzidwa kuti apeze siketi yayitali kapena amange chitenje pamwamba. Ayufi ndi apayoniya, magulu a achinyamata a chipani cha Kamuzu, ndiye anali maso a chipanicho mmisika ndi mmadepoti, ndani akanalimba mtima.

Nthawi imeneyo mzimayi wolemekezeka anali wa chitenje ndi duku, makamaka mbumba zija zinkavina pamaso pa Ngwazi zitavala nsalu yokhala ndi nkhope yake, ndipo fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inkatulutsa nsalu zambirimbiri. Ndiye anthu anakula akuona zimenezo zaka 20 zathunthu mpaka zinalowa m'magazi, n'kuyamba kumati ndi chikhalidwe chathu cha makolo. Koma tikanena chilungamo makolo enieniwo ankavala nyanda ndi zikopa, pachifuwa pali pamtunda, palibe ankadabwa. Nsalu inabwera ndi amalonda, deresi yofika kuakakolo inabwera ndi amishoni, Kamuzu anangomanga mfundo ndi lamulo.

Itachitika referendamu ya June 1993 malamulo ambiri a chipani chimodzi anayamba kugwa, la zovalali nalo linapita, pofika chisankho cha May 1994 buluku silinalinso mlandu. Komano chimene chinasintha kavalidwe kwambiri si aphungu ayi, ndi kaunjika. Mabelo atayamba kudzadza mmisika, ku Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe, mmashopu a DAPP, jinzi inatsika mtengo kuposa kugula nsalu n'kukalipiranso telala, ndipo aliyense amene anapitako m'mamawa belo likamatsegulidwa akudziwa momwe azimayi amakanganirana, wina wagwira mwendo uwu wina mwendo uwo, venda akukuwa mtengo ali pamwamba pa mulu. Kenako zaku China ndi zija amakaoda ku Joni ndi ku Dar es Salaam zinadzawonjezera.

Chodabwitsa n'choti mavenda omwewo ogulitsa majinziwo ndi amene mu January 2012 anayamba kuvula azimayi mmisewu ya Lilongwe ndi Blantyre ati chifukwa avala mabuluku ndi timasiketi tatifupi. Panamveka mphekesera yoti pulezidenti wa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, ndiye walamula, mpaka iye anachita kulankhula pawailesi kukana, n'kunena kuti azimayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Azimayi anasonkhana ku Blantyre ambiri atavala mabuluku omwewo dala, Joyce Banda ali wachiwiri kwa pulezidenti analipo, ndipo uthenga wawo unali woti lero ndikugule, mawa undivule? Ena anauzana zosiya kugula kwa mavenda. Pamenepa ine ndimaona kuti anyamata aja sankateteza chikhalidwe chilichonse, zinali nkhanza basi, munthu wofuna ulemu wa mzimayi angamuvule pagulu?

Lero mtauni nkhaniyi inazizira, ku banki, ku yunivesite, mmaofesi buluku ndi chovala wamba, ngakhale apolisi achizimayi amavala. Koma tsegulani chikwama cha mzimayi yemweyo wa jinziyo, nthawi zambiri mupezamo chitenje chopindidwa bwinobwino. Kukagwa maliro amachitulutsa, akamapita kwa apongozi amamanga minibasi isanaime n'komwe, kumudzi kwa agogo ndiye osayerekeza kutsika opanda, ndipo mipingo ina mpaka pano salola buluku kulowa nalo mtchalitchi. Ena amati uku ndi kunamizira, ine sindikuona choncho, chitenje chili ndi ntchito zake zomwe jinzi singathe, kuberekera mwana, kuyala pansi pa maliro, kufunda kukazizira mu June. Matelala achinyamata nawonso anachenjera, pano akusoka mabuluku, majampusuti ndi tizikabudula kuchokera ku chitenje chomwecho, ndipo azakhali amasowa poyambira kudzudzula chifukwa nsaluyo ndi ija amavala iwo ku chinkhoswe.