Mtendere umayambira koyeserera nyimbo

Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa achinyamata kuimba, ambiri mwa iwo ochokera m'magulu osamwerana madzi. Anthu amakonda kundifunsa kuti, “Tiwapekere nyimbo yotani kuti asiye kudana?” Ndimawauza kuti mawu a nyimbo si amene amagwira ntchito yaikulu. Mnyamata atha kuimba za chikondi ndi umodzi masana, usiku n'kukagenda nyumba ya mnzake.

Chimene chimafewetsa mtima ndi kudalirana. Tsiku loyamba ana amalowa m'chipinda, awa n'kukhala mbali iyi, awo mbali inayo, pakati n'kusiya mpata woti ngolo itha kudutsa. Za mkangano wa makolo awo sindizitchula n'komwe. Ng'oma ndimapatsa wa mbali iyi, gitala ya besi wa mbali inayo. Zida ziwirizi zimayenda ngati miyendo ya munthu mmodzi: wa ng'oma akathamanga, wa besi amasokonezeka, nyimbo yonse n'kugwa. Ndiye mumaona wa besi uja akuyang'anitsitsa phazi la wa ng'oma, kenako nkhope yake, kudikira kuti agwedeze mutu. Munthu amene kunyumba anauzidwa kuti ndi mdani, tsopano ndi amene akumudalira kuti afike kumapeto kwa nyimbo. Akaphonya onse awiri n'kusekera limodzi, ndimadziwa kuti ntchito yayambika.

Akatswiri a maganizo a anthu anaziona kale izi. Mu 1954, Gordon Allport wa ku America anafotokoza kuti kungokumanitsa magulu odana sikuthetsa tsankho, pokhapokha atakumana ngati anthu ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, akugwirira ntchito limodzi, komanso akuluakulu awo akuvomereza. Bandi kapena kwaya imakwaniritsa zitatu zoyambazo popanda kukakamiza. Ndipo mu 2010, Sebastian Kirschner ndi Michael Tomasello anapeza kuti ana a zaka 4 amene anaimba ndi kuvinira limodzi ankathandizana msanga pambuyo pake kuposa anzawo amene anangosewera opanda nyimbo.

Koma mfundo ya kufanana ija ndi imene imagwetsa ambiri. Nyimbo zonse zikakhala za chilankhulo cha gulu limodzi, kapena wotsogolera akamachokera mbali imodzimodzi tsiku lililonse, enawo amadziona ngati alendo oitanidwa kudzawombera m'manja. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti apeke yawoyawo yatsopano, imene palibe anganene kuti ndi ya kwawo, ndipo udindo wotsogolera uzizungulira.

Mumzinda wa Mitrovica ku Kosovo, mtsinje wa Ibar umalekanitsa anthu a mtundu wa Serb kumpoto ndi a mtundu wa Albania kummwera. Mu 2008 bungwe la Musicians Without Borders linathandiza kukhazikitsa Mitrovica Rock School. Poyamba achinyamata a mbali ziwirizi ankakakumanira kunja kwa dziko, mumzinda wa Skopje ku Macedonia, chifukwa kuimbira limodzi kwawo kunali koopsa. Mabandi osakanikirana anakula pang'onopang'ono. Nalo gulu la West-Eastern Divan Orchestra, limene katswiri wa nyimbo Daniel Barenboim, nzika ya Israel, ndi mlembi Edward Said, wochokera ku Palestine, anayambitsa ku Weimar m'dziko la Germany mu 1999, limakhazika pamodzi oimba achinyamata a ku Israel, Palestine ndi mayiko ena achiarabu. Nkhondo kumeneko sinathe, ndipo tisanamizane kuti nyimbo ingabweze malo olandidwa kapena kuweruza mlandu wakupha. Imangopatsa wachinyamata nkhope ndi dzina la munthu mmodzi wa tsidya linalo, zimene zimachititsa kuti bodza lonena za “onse aja” limuvute kumeza.

Tisaiwalenso kuti ng'oma yomweyi imaitanira anthu ku nkhondo. Ku Rwanda mu 1994, wailesi ya RTLM inkaulutsa nyimbo za Simon Bikindi zokolezera chidani pa Atutsi, ndipo mu 2008 khoti la mayiko onse la ku Arusha linamugamula zaka 15 chifukwa cha mawu olimbikitsa kupha amene analankhula pa chimkuzamawu. Mphamvu imene imamangiriza oimba pamodzi itha kuwamangirizanso polimbana ndi ena.

Chimene chimandipweteka mtima ndi chikondwerero cha tsiku limodzi: nsanja yaikulu, alendo olemekezeka, zithunzi, mawa lake aliyense kwawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndalama zomwezo zikanalipira chipinda choyeserera mlungu ndi mlungu kwa chaka chathunthu. Ndipo musanaike chithunzi cha bandi yosakanikirana pa Facebook, funsani mwana aliyense payekha, pambali, pamodzi ndi makolo ake. Inu mukatseka chipinda n'kumapita, iye amabwerera kumene ena angamutche wogulitsa mtundu chifukwa choima pafupi ndi wa ng'oma uja.