Mbale zakuda zija zimapangidwa bwanji, nanga zimaliradi bwino kuposa nyimbo zapafoni?

Ife okonza mawailesi ndi ma ampulifaya kuno kwa Chitakale mkangano uwu timaumva pafupipafupi. Akuluakulu amati nyimbo za pa mbale zinkamveka bwino, zamasiku anozi ndi phokoso basi, pomwe anyamata a ku burning centre amangoseka amvekere madala mukungokumbukira unyamata wanu. Onsewa ali ndi pokomera, koma tiyambe taona kaye kuti m'mbale muja muli chani kwenikweni.

Mbali iliyonse ya mbale ili ndi kangalande kamodzi kokha, osati timizere tambirimbiri monga maso amatinamizira. Kamayambira kumphepete n'kumazungulira mpaka pakati, ndipo pa mbale yaikulu ija mutati mukatambasule kakhoza kufika pafupifupi theka la kilomita. Kangalandeka sikowongoka, ndi kokhotakhota, nde singano ikamadutsamo imanjenjemera motsata kukhotako, kunjenjemerako kumasanduka timagetsi tochepa kwambiri m'kamutu kogwira singano kaja, ampulifaya n'kutikuza, sipika n'kulira. Palibenso china. Mawu ali m'menemo mwa maonekedwe ake enieni, ndiye chifukwa chake mukazimitsa sipika n'kuyandikitsa khutu pa singano mumamvabe nyimbo ikulira chapansipansi.

Kapangidwe kake ndiye kamandisangalatsa ine. Nyimbo ikatha kujambulidwa ku studio amaitengera kwa katswiri wodula. Iyeyu amatenga mbale ya aluminiyamu yopakidwa utoto wofewa wotchedwa lacquer, amaiika pa makina ozungulira, ndipo kampeni kakang'ono kamwala wolimba, kotenthetsedwa ndi magetsi, kamadula kangalande kaja uku nyimbo ikulira. Akalakwitsa pakati palibe zofufuta, watenga mbale ina wayambiranso. Ndipo amayenera kuwerengera malo, chifukwa bezi yamphamvu imapangitsa kangalande kukhota kwambiri n'kudya malo ambiri, nde akaisiya mmene ilili nyimbo zochepa zokha mbale yadzadza, mwinanso singano izidumpha. Pofuna kuthana ndi zimenezi, podula amachepetsa dala bezi n'kukweza mawu akuthwa, ndipo poimba pamafunika kadera kena mu ampulifaya kobweza zonsezo m'malo mwake. Muyezo umenewu umatchedwa RIAA, anagwirizana ku America mu 1954.

Apa pompano ndikuuzeni vuto lomwe anthu amabwera nalo kwambiri. Munthu wapeza choimbira mbale cha malemu bambo ake, wachilumikiza pa aux ya subwoofer, nyimbo ikumveka patali komanso yopyapyala, bezi kulibe, basi waganiza kuti chinaonongeka. Nthawi zambiri sichinaonongeke ayi, chikungofuna polowera polembedwa kuti phono, kapena kabokosi kotchedwa phono preamp.

Tibwerere ku fakitale. Mbale yodulidwa ija ndi yofewa, siingapirire kuimbidwa. Amaipopera siliva kenaka amaiviika m'madzi a mankhwala momwe akudutsitsamo magetsi, chitsulo cha nickel chimamatirira pang'onopang'ono pamwamba pake, akachimatula chimatuluka ndi timizere totumphuka pomwe panali ngalande. Kuchokera apo amapanga zitsulo zina zodindira. Ganizani chikombole cha njerwa, mukapanga chimodzi cholongosoka njerwa zonse zimatuluka chimodzimodzi, koma chikakhala ndi chilema njerwa zonse zitengera chilemacho. Zodindira zimakhala ziwiri, cha mbali A ndi cha mbali B. Pakati pake amaikapo chibuma cha pulasitiki yotentha ya mtundu wa PVC, womwe uja wa mapaipi amadzi, pamodzi ndi mapepala a maina a nyimbo kumwamba ndi kunsi, makina n'kufinya ndi mphamvu ya matani pafupifupi 100, nthunzi ikutenthetsa kenaka madzi akuziziritsa, m'masekondi ngati 30 mbale yatuluka, angosenga zotsalira m'mphepete. Pepala lapakati lija silimatidwa ndi guluu, limalowerera mu pulasitiki momwemo pofinya paja. Kuda kwake nakonso n'kochita kuthira, PVC payokha siyakuda.

Ntchitoyi ili m'manja mwa anthu ochepa zedi padziko. Mu February 2020 fakitale ya Apollo Masters ku California inapsa, ndipo opanga mbale dziko lonse anada nkhawa chifukwa wopanga ma lacquer wina amene anatsala anali kampani imodzi ya ku Japan.

Chenjezo kwa amene muli ndi katundu wakale kunyumba, makamaka wa azigogo amene anabwera ndi galamafoni yopukusa kuchokera ku Joni kapena ku Salisbury. Mbale zagalamafoni zija, zolemera zosachedwa kusweka, si vinyl, dzina la mbale za PVC tafotokozazi. Ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta ku India ndi Thailand, zimazungulira ka 78 pa mphindi ndipo mbali imodzi ndi mphindi zitatu mpaka zisanu basi. Vinyl yaikulu inabwera ndi kampani ya Columbia mu 1948, imazungulira ka 33 ndi kachidutswa, mbali imodzi n'kupitirira mphindi 20, ndipo yaing'ono ya 45 anaitulutsa a RCA Victor mu 1949. Singano yachitsulo ya galamafoni mukaiika pa vinyl mwaipha mbaleyo ulendo umodzi womwewo, poti singano ya vinyl imafunika kutsamira ndi magalamu awiri okha kapena cha pomwepo. Ndipo shellac osaipukuta ndi sipiriti, imasungunuka.

Tsopano za digito. CD inatuluka mu 1982, ntchito ya Sony ndi Philips. M'malo mojambula maonekedwe a mawu, makina amayeza mawuwo ka 44,100 pa sekondi iliyonse n'kusunga manambala. Ena amati poti ndi manambala ndiye kuti nyimbo imatuluka yoduladula, zimenezo si zoona, kuyeza kochuluka choncho kumakwanira kubweza mawu onse mpaka pomwe khutu la munthu limalekezera, ma hertz 20,000, kutanthauza kunjenjemera ka 20,000 pa sekondi, ndipo ambirife tikamakula sitifikanso n'komwe pamenepo. Mukayeza ndi zipangizo CD imapambana pafupifupi paliponse. Kuchokera pa mawu onong'ona kwambiri kufika ofuula kwambiri ili ndi ma decibel 96, muyezo wa mphamvu ya mawu, pomwe mbale yabwino imathera cha m'ma 60 kapena 70, ilibe kuthetheka, liwiro silisintha, siitha chifukwa choimbidwa. Mbale ilinso ndi chilema chobadwa nacho, kumphepete kangalande kamadutsa pa singano masentimita pafupifupi 50 pa sekondi koma pofika pakati ndi cha m'ma 20 okha, nde nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse imamveka mokanda pang'ono makamaka woimba akamatchula s.

Nanga madala aja akunama? Ayi. Zinthu zimene mbale imalephera ndi zomwezo zimene khutu limakonda. Mawu akuthwa amafewa, bezi imakhala pakati yosamwazika, ndipo wodula uja sangakweze nyimbo mopyola chifukwa singano ingadumphe, choncho ng'oma imamveka kuti yamenyedwa, gitala ali ndi mpata wake. Ku digito kulibe chomuletsa munthu, ndiye kuyambira zaka za m'ma 1990 opanga nyimbo akhala akupikisana kufinya mawu kuti nyimbo yawo imveke mokwera kuposa ya mnzawo, mapeto ake chilichonse chimakuwa mofanana ndipo khutu limatopa msanga.

Komanso tinene chilungamo, zimene timamva m'ma minibasi a ku Limbuli kapena pa msika wa Luchenza si CD. Ndi MP3, yomwe imataya dala mbali ya mawu kuti failo ichepe. CD imanyamula ma kilobit, muyezo wa kuchuluka kwa manambala aja, 1,411 pa sekondi, MP3 wamba 128. Ya 320 yopangidwa bwino anthu ambiri sangaisiyanitse ndi CD, koma zathuzi munthu waichotsa pa vidiyo, wina waitembenuzanso, DJ waikapo dzina lake n'kuisevanso, ndipo ulendo uliwonse wotembenuza kena kake kamatayika, kungokopera kokha kuchoka pa memori khadi kupita pa ina ndiye sikuononga kanthu. Kenaka failo yotopa kaleyo ikulira pa sipika yong'ambika voliyumu mpaka kumapeto. Pamenepo mlandu ndi wa digito kapena wathu?

Ine munthu akandifunsa kuti agule chani ndi ndalama zochepa, ndimati asake mafailo abwino ndi masipika abwino, mbale ndi zodula ndipo singano yake kuti muipeze kuno ndi ntchito. Koma ngati mbale muli nazo kale musataye, kunja zinabwereranso moti mu 2022 ku America zinagulidwa zambiri kuposa ma CD koyamba chichokereni 1987. Mdani wa mbale kuno ku Mulanje ndi nyengo. Chinyontho cha chiperoni chimameretsa chuku m'mapepala ake mpaka kulowa m'ngalande, ndipo kutentha kwa October pansi pa malata kumazipinda, ikapindika kuiwongola n'kovuta. Ziimikeni chilili osati kusanjikiza, kutali ndi khoma lonyowa ndi dzuwa la pawindo, gwirani m'mphepete mokha, ndipo ngati zada tsukani ndi madzi oyera ndi kadontho ka sopo wa mbale zodyera, kansalu kofewa kakutsata mmene ngalande ikuzungulirira, pepala lapakati osalinyowetsa, ziume kaye bwinobwino musanaike singano.